Tilakdhari Asainira Doko la Kwawo

Mavoti atawerengedwa, chipani cha Tilakdhari Kewat chinapezeka ndi aphungu asanu ndi anayi okha, m'nyumba ya malamulo ya mipando yoposa mazana awiri. Chaka china chilichonse anthu akanangoseka. Koma chaka chimenecho chipani chachikulu cha Onkarnath Misir chinaperewera aphungu asanu ndi mmodzi kuti chipange boma la chigawocho, ndipo kutangocha galimoto zitatu zoyera za chipanicho zinali zitaima kale pakhomo pa Tilakdhari.

Tilakdhari anali bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Anayamba kupalasa bwato ali ndi zaka khumi, kuwolotsa anthu, mbuzi ndi njinga pa doko la Dhumri, monga ankachitira bambo ake ndi agogo ake. Zikhato zake zinali zikadali gwa ngati chikopa cha njati. Kwa zaka makumi awiri anayenda doko ndi doko kusonkhanitsa opalasa mabwato, asodzi ndi okumba mchenga, mpaka anapanga Chipani cha Anthu a Mumtsinje, chizindikiro chake nkhafi. Anamangidwapo kanayi. Dzino lake lina la kutsogolo analisiya m'chitokosi cha apolisi.

M'mawa umenewo anapita kwa Onkarnath ndi mkamwini wake Chhedilal, mwamuna wa mwana wake yekhayo. Chhedilal nayenso anali atangopambana uphungu, ndipo m'chipani chonse ndi yekhayo amene anafika kukoleji. Onkarnath, amene aliyense ankamutchula kuti Babuji, kutanthauza bambo, ngakhale anthu aakulu kuposa iye, anawalandira pakhonde atakhala pakati pa akuluakulu a chipani chake. Wantchito anabweretsa tiyi wamkaka m'makapu oyera a maluwa. Wa alendo awiriwo anabwera m'timakapu tadothi, timene amamwetsera anthu a mtundu wonyozeka, munthu akamwera n'kungotaya kuti tisweke.

“Tiyi amakoma m'dothi, a Kewat. Inu mukudziwa,” anatero Onkarnath akumwetulira. “Nenani tsopano. Mukufuna unduna wanji? Wa nsomba?”

Pakhonde ponse panaphulika phwete.

“Nsomba ndadya zokwanira, Babuji. Ndikufuna mpando woyandikana ndi wanu. Wachiwiri kwa Nduna Yaikulu.”

Tilakdhari anali atakonzekera kulimbana masiku atatu. Onkarnath anangopukuta masharubu ndi chala.

“Basi? Tengani.”

Kuvomera kofulumira chonchi kunamudetsa nkhawa pang'ono Tilakdhari. Koma atatuluka pageti n'kupeza anthu a ku Dhumri akuomba ng'oma, amayi akumuponyera maluwa, nkhawa ija inasungunuka.

Tsiku lolumbira, pabwalo la nyumba ya Bwanamkubwa, anam'patsa pepala la lumbiro. Tilakdhari ankawerenga mochedwa, chala chikutsata mzere. Anafufuza mawu akuti wachiwiri, osawapeza. Anakodola Saxena, mlembi wamkulu wa boma, munthu wowonda wa magalasi amene anali atagwirapo ntchito ndi Nduna Zazikulu zisanu.

“Pepala ili si langa. Apa alemba kuti nduna basi.”

“Ndi lanu lomwelo, bwana,” Saxena anayankha motsitsa mawu. “Malamulo oyendetsera dziko udindo wanuwo sawudziwa. Amadziwa Nduna Yaikulu ndi nduna. Zinazo ndi ulemu umene Babuji akukupatsani.”

Dzina lake linali litaitanidwa kale. Anakwera pansanja n'kulumbira monga nduna wamba, anthu ake akukuwa kumbuyo kwa mpanda wa apolisi. Pakati pawo panali mchemwali wake wamkulu Sonmati, mayi wamasiye amene anamulera mayi awo atamwalira. Anali atavala sari yake yoyera yokhayo yopanda chigamba, ndipo ankalira osadzibisa.

Ulemu unabweradi, wosefukira. Anam'patsa nyumba ya zipinda khumi ndi zinayi, yokhala ndi mitengo ya mango ndi alonda a mfuti. Anam'patsa mdipiti wa galimoto zisanu za sayirini. Pa chitseko cha ofesi yake anakhomapo chikwangwani chamkuwa, ndipo mkatimo munali tebulo lalikulu loti munthu n'kugonapo chopingasa. Chosowa chinali chimodzi: pa tebulopo sipankabwera fayilo. Nduna zina zonse zinagawiridwa maunduna sabata yoyamba yomwe. Za iye Onkarnath ankangoti, “Inu ndinu wamkulu, a Kewat. Sitingakupatseni kanthu kongotola. Tikuganizira.”

Anaganizira miyezi isanu. M'miyezi imeneyo Tilakdhari anatumidwa kukatsegulira zimbudzi za pamsika, kukapereka chikho pa mpikisano wa ng'ombe za mkaka, kukakhuza maliro a anthu amene Babuji sanafune kuwalira yekha. Pa msonkhano wa nduna ankakhala kudzanja lamanja la Onkarnath. Akangoyamba kuyankhula, Onkarnath ankamugwira bondo mwachikondi n'kunena kuti, “Mfundo yabwino kwambiri. Tipitirire.” Mvula ikagwa, madzi n'kudzadza pabwalo la maofesi, nduna ya zamisewu inkakuwa pawindo kuti, “Bwana Wachiwiri, tiwolotseni!” Tilakdhari ankaseka nawo. Kunyumba ankakalipira ophika popanda chifukwa.

Ku Dhumri anthu sankadziwa zimenezi. Ankabwera ndi makalata awo opinda kanayi: uyu mwana wake wamangidwa, uyu akufuna chiphaso cha bwato, uyu apolisi amulanda ukonde. Tilakdhari ankalemba pakona pa kalata iliyonse kuti “Thandizani” n'kusaina dzina lake ndi inki yobiriwira. Makalatawo ankapita kumaofesi n'kukafera komweko. Akalaliki anali atadziwa kale kuti inki yobiriwira siluma.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi analowa mu ofesi ya Onkarnath osagogoda.

“Babuji, sindinabwere mumzinda muno kudzadula maliboni. Mundipatse unduna, apo ayi ndikutenga anthu anga asanu ndi anayi, tione ngati boma lanu ligone.”

“Ayi, ayi, khalani pansi. Mukunena zoona, ndakuchedwetsani.” Onkarnath analiza belu. “Saxena, unduna watsopano uja wa mitsinje ndi madoko. Ndani angaudziwe kuposa a Kewat? Apatseni lero lomwe. Ndi fayilo ija.”

Fayiloyo inafika masana, yonenepa, yomangidwa ndi chingwe chofiira. Inali m'Chingerezi chokhachokha, koma mkati munali mapu, ndipo mapu a mtsinje Tilakdhari sankasowa womuwerengera. Anaona pamene mtsinje umakhota, anaona kachisi wakale wa padoko, anaona mzere wofiira utazungulira nyumba zonse za Dhumri kuchokera pa mtengo wa kachere mpaka pamene amaotchera maliro. Anaitanitsa Chhedilal.

“Mzere uwu ukutanthauza chiyani?”

Chhedilal sanatsegule n'komwe fayiloyo. “Akufuna kumanga masitepe a miyala, bambo, ndi munda wa maluwa, ndi mahotela a alendo odzapembedza. Nyumba mazana anayi zichoke. Anthu akawapatsa malo ku Bhurkunda Road.”

“Ku Bhurkunda Road kuli mtsinje?”

“Kuli mpopi.”

Tilakdhari anamuyang'ana mkamwini wake nthawi yaitali. Chhedilal anali atavala malaya atsopano a silika a mtundu wa kurta, ndipo ankayang'ana zikhadabo zake.

“Iwe unaiona kale fayilo iyi.”

“Pitani mukayankhule ndi Babuji, bambo.”

Anam'peza Onkarnath akudya mapapaya odulidwa, akuwabaya ndi kamtengo kotokosera m'mano. Tilakdhari anaponya fayilo ija patebulo.

“Ine ndisaine kuti mugwetse nyumba ya bambo anga? Ndikutula pansi udindo. Mawa lomwe ndikupita kwa Bwanamkubwa ndi aphungu anga.”

“Angati?”

“Asanu ndi anayi. Mukuwadziwa.”

Onkarnath anatsegula kabati n'kutulutsa pepala limodzi. Panali maina asanu ndi awiri, lililonse ndi siginecha yake, loyamba la Chhedilal. Pepalalo linkanena kuti aphunguwa achoka m'Chipani cha Anthu a Mumtsinje ndipo alowa chipani cha Babuji, ndipo popeza anali oposa magawo awiri mwa atatu, lamulo silikanawalanda mipando. Deti lokha ndi limene linali lisanalembedwe.

“Mwatsala inu ndi mkulu uja wodwala shuga,” anatero Onkarnath. “Miyezi isanu ija inu mumatsegulira zimbudzi, ine ndimamwa tiyi ndi anyamata anuwa. Ndi ana abwino, ali ndi njala basi. Tsono mverani, a Kewat. Dhumri ikugwa. Mukasaina inu, igwa inu muli m'nyumba ya mango ija, pepala ili likhala m'kabati, ndipo anthu azikutchulanibe mtsogoleri. Mukakana, asaina Chhedilal Lachisanu, igwabe, inu mukabwerera kukapalasa bwato pa doko limene kulibe. Idyani papaya.”

“Bwanji osasaina nokha?”

“Ine ndikasaina, anthu anu atentha mabasi. Mukasaina inu, atentha ndani?”

Tilakdhari anatuluka ndi fayilo ija kukhwapa. Anakhala nayo mu ofesi mwake maola awiri. Anaganiza za nyumba ya bambo ake, zipinda ziwiri za njerwa zosawotcha, mmene Sonmati ankakhalamo ndi adzukulu ake atatu. Anaganiza za chitokosi ndi dzino lake. Kenaka anaganiza za mmene nduna ya zamisewu idzasekere akamatuluka pageti ndi sutikesi m'manja, wopanda galimoto, mlonda osamuchitiranso sawatcha. Anadziuza kuti ali mkati akhoza kuwamenyera anthu ake nkhondo ya malo abwinoko. Anadziuza kawiri. Anatenga cholembera chobiriwira chija n'kusaina.

Sabata yotsatira mphekesera zinafika ku Dhumri, chifukwa anthu anaona amuna a zipewa zachikasu akuyeza ndi zingwe. Onkarnath anaimba foni.

“Anthu anu akuwinduka, ndipo maloya ayamba kununkhiza. Akathamangira kukhoti tichedwa chaka. Pitani mukawakhazike mtima pansi. Masiku khumi okha.”

Anapita, galimoto zisanu, sayirini ikulira m'tinjira topapatiza mpaka nkhuku kubalalika. Anamuveka nkhata za maluwa mpaka m'makutu. Anakwera pa bwato lakale limene analitembenuza kuti likhale nsanja, n'kuyang'ana nkhope zimene ankazidziwa kuyambira ubwana.

“Akuti chiyani? Akuti Dhumri igwa? Ndani wanena? Unduna wa madoko uli m'manja mwa yani?”

“Mwa Tilakdhari!”

“Ndiye gonani tulo! Maloyawo akungofuna kukudyerani. Ine ndili pampando, palibe njerwa imodzi imene igwedezeke pano!”

Mawu ake anatuluka amphamvu ngati kale, ndipo iye yekha anadabwa kuti sananjenjemere. Anthu amene anali atayamba kumanga katundu anamasula. Komiti imene inkafuna kupita kukhoti inathetsedwa tsiku lomwelo.

Sonmati anamukokera m'nyumba, namukhazika pamphasa, namupakulira mpunga ndi nsomba yophika ndi mpiru. Anakhala pambali pake akumukupizira ntchentche.

“Wawonda, Tilku. Kumeneko sakukudyetsa?”

“Ntchito, Didi,” anayankha, pomutchula mmene amatchulira mchemwali wamkulu kwawoko.

“Ine ndimawauza anthuwa kuti mwana uyu ndinam'sambitsa ndine, sanganame. Anaba mango kamodzi kokha, n'kudzaulula yekha ndisanam'funse.” Anaseka, namuonjezera nsomba. “Denga ili ndikufuna ndilikonze mvula isanabwere. Ndigule malata?”

Tilakdhari anayang'ana m'mbale. “Gulani, Didi.”

Mabuludoza anafika tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa litangotuluka, amuna ambiri ali pamadzi. Anabwera ndi malole khumi a apolisi. Anthu anapatsidwa ola limodzi. Pofika masana nyumba mazana anayi zinali fumbi, ndipo mabwato amene anali pamtunda anaphwanyidwa kuti eni ake asabwerere. Mkulu wina wosaona, amene anakana kutuluka, anamunyamula ndi bedi lake lomwe n'kumusiya pamsewu. Tsiku limenelo Tilakdhari anali m'boma lina, akutsegulira chionetsero cha uchi.

Mawa lake, akudya kadzutsa, mlonda anabwera kudzanena kuti pageti pali mayi wina wokalamba amene akukana kuchoka, akuti ndi mchemwali wa bwana. Tilakdhari anati amuuze kuti bwana ali pamsonkhano. Patapita ola mlonda anabweranso: mayi uja wakhala pansi pakati pa msewu, ndipo atolankhani awiri afika. Apo m'pamene anatuluka.

Sonmati anali mbuu ndi fumbi, phazi limodzi lomangidwa kansalu. Sanadzuke.

“Didi, lowani mkati. Tiyankhulire m'nyumba.”

“Ndinawauza apolisi aja kuti mchimwene wanga akamva, mutha nonse. Wamkulu wawo anaseka. Anati, amayi, mumadziwa kuwerenga? Ndinati ayi. Anandionetsabe pepalalo.” Anakweza maso. “Kuwerenga sindidziwa, Tilku. Koma dzina lako ndimalidziwa maonekedwe ake. Unalilemba ndi utoto pa bwato la bambo uli mwana, ndi kamchira kaja kumapeto. Kamchirako kanalipo.”

“Simungamvetse za boma, Didi. Ndikanakana, akanasaina wina.”

“Akanasaina wina, tikanapita kukhoti. Tikanachotsa katundu. Malata ndinagula, Tilku. Unadya nsomba yanga n'kundiuza kuti ndigule malata.”

Atolankhani aja anali atayandikira.

“Kumbuyo kuno kuli chipinda cha antchito chopanda munthu. Mukhalemo ndi ana. Dzukani, mukundichititsa manyazi.”

“Manyazi,” anatero Sonmati, ngati akulawa mawuwo. Anadzuka yekha, kukana dzanja lake. “Mayi athu akumwalira anandiuza kuti ndisakusiye ndi njala. Ndinakudyetsa mopitirira.”

Anatembenuka n'kumapita akutsimphina. Tilakdhari anauza alonda kuti alande makamera a atolankhani aja, ndipo analanda.

Pepala la m'kabati lija silinakhalitsemo. Patangotha milungu itatu Onkarnath analembapo deti. Anauza atolankhani kuti anthu a mumtsinje apwetekedwa mtima ndi zimene zinachitika ku Dhumri, kuti iye mwini sanauzidwe kuti zichitika mwankhanza chotero, ndipo kuti pofuna kupukuta misozi yawo akusankha Wachiwiri kwa Nduna Yaikulu wina, wachinyamata, wa mtundu wawo womwewo. Chhedilal analumbira Lolemba. Unduna wa madoko unapita kwa iye. Popeza panalibe ofesi ina yaikulu, akalipentala anabwera n'kudula ofesi ya Tilakdhari pakati ndi mapulanga, ndipo windo linagwera mbali ya mkamwini.

“Kodi wachiwiri angakhale awiri?” Tilakdhari anafunsa Saxena pakhonde.

“Angakhale ngakhale asanu, bwana. Paja ndinakuuzani, lamulo silikuwerengani.”

Mwana wake wamkazi anasiya kuyankha foni zake. Anzake akale anamuuza kuti atule pansi udindo, apite ku Bhurkunda Road, akagwade, mwina anthu angamukhululukire. Tilakdhari ankati ayamba waona mwezi wamawa. Onkarnath sanamuchotse. Ankamufuna pomwepo, kuti aliyense wofunsa za Dhumri azimulozera chitseko chake.

Ku Bhurkunda Road kunali chigwa cha miyala, mizere ya timisasa ta malata, ndi mpopi umene unkatulutsa madzi kawiri pa sabata. Amuna amene anabadwira pamadzi anayamba kusenza njerwa. Sonmati anamwalira m'nyengo yotentha yotsatira, atagwa pamzere wa madzi. Palibe amene anatumiza uthenga kwa mchimwene wake. Anamva kwa Onkarnath.

“Pepani, a Kewat. Koma mupite. Zisankho za makhansala zayandikira, sizingaoneke bwino kuti Wachiwiri wanga sanapite ku maliro a mchemwali wake. Ndakutumizirani wojambula.”

Anapita ndi galimoto zake zisanu ndi lole ya apolisi. Anakumana ndi maliro panjira, amuna anayi atasenza chithatha chansungwi, khamu likutsatira. Atatsika ndi nkhata yaikulu ya maluwa m'manja, nyimbo ya maliro inaduka. Chithatha chinaima. Kenaka amuna a ku Dhumri, osauzana, anapanga mpanda pakati pa iye ndi mtembo, onse atamufulatira. Anaona misana yokhayokha, yakuda ndi dzuwa, ina ya anthu amene anagona nawo m'chitokosi.

“Ndi mchemwali wanga,” anatero. “Ndipatseni njira. Ndisenze nawo pang'ono pokha.”

Palibe anatembenuka. Mdzukulu wamkulu wa Sonmati, amene ananyamula mphika wa moto wokawotchera mtembo, anayankhula osamuyang'ana.

“Agogo anati mukadzabwera tidzakuuzeni kuti mchimwene wawo anamira kalekale. Musatidetsere maliro, bwana.”

Wina m'khamumo anaseka, kuseka kouma. Wojambula uja anali atakweza kamera. Mkulu wa apolisi anasendera pafupi n'kufunsa motsitsa, “Titani, bwana?”

M'miyezi yonse imene anakhala pampando, aka kanali koyamba kuti wapolisi am'funse chochita n'kudikiradi yankho. Tilakdhari anayang'ana misana ija, nayang'ana nkhata imene inayamba kumulemera m'manja.

“Tsegulani njira,” anatero.

Ndodo zinagwa pamisana, pamitu, pamikono. Amayi anakuwa. Osenza aja anadzandira, mmodzi anagwada, chithatha chinapendekeka mpaka phazi la Sonmati linatuluka m'nsalu. Mphika wa moto unasweka, makala n'kumwazika m'fumbi. Patangopita mphindi zochepa njira inali yotseguka. Tilakdhari anayenda pakati pa anthu ogona pansi, naika nkhata ija pa mtembo, nagwira mapazi a mchemwali wake, naweramitsa mutu. Wojambula anam'pempha kuti asunthire kumanzere pang'ono chifukwa cha dzuwa, ndipo anasuntha.

Chithunzicho chinatuluka m'nyuzipepala zitatu, atachidula bwino kuti ndodo zisaoneke. Anthu khumi ndi mmodzi a ku Dhumri anamangidwa pa mlandu wosokoneza maliro.

Tilakdhari anakhala Wachiwiri kwa Nduna Yaikulu zaka zina zitatu ndi theka, mpaka nyumba ya malamulo inatha nthawi yake. Pa zisankho zotsatira Onkarnath sanam'patse dera loti aimire. Anaima payekha, ndipo pa malo oponyera voti a ku Bhurkunda Road anapeza mavoti anayi. Boma linam'patsa masiku khumi ndi asanu kuti atuluke m'nyumba ya mango ija. Anakachita lendi chipinda pamwamba pa sitolo ya matayala, kufupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo anakhala komweko yekha mpaka imfa yake.